Kodi mumadziwa? Bokosi la kompyuta ndi kutentha kwa ku Tembwe

Kodi mumadziwa kuti makompyuta ambiri a pa desiki, aja a m'maofesi, anapangidwa kuti azigwira ntchito m'chipinda chimene kutentha kwake sikupitirira madigiri 35? Zimenezi zimalembedwa m'kabuku kamene kompyuta imabwera nako, koma kabukuko kawirikawiri sikafika kuno. Ku Tembwe, m'chigwa cha Luangwa, mwezi wa Okutobala dzuwa likamaswa mtengo kutentha kumafika madigiri 40, ndipo m'kalasi yofolera malata yopanda siling'i mumatentha kuposa panja. Ndiye kuti masana a nyengo imeneyi kompyuta imayaka itadutsa kale malire amene oipanga anaiikira. Chotsala choti chiipulumutse ndi bokosi lake lachitsulo, lija ambiri timangolitchula kuti CPU, komanso mmene mphepo ikuyendera m'kati mwake. Pogula timafunsa za RAM, za hard disk, za Windows. Za bokosi sitifunsa, ndipo amene amasonkhanitsa makompyuta otchipa amadziwa kuti pamenepo ndi pamene angachepetse ndalama popanda wowafunsa.

Kodi mumadziwa kuti magetsi onse amene kompyuta imadya amasanduka kutentha? Ikamadya mawati 100, ndiye kuti ikutulutsa kutentha kwa mawati 100, ndipo kutenthako kuyenera kupeza potulukira. Purosesa ili ndi njira yodzitetezera: ikayandikira madigiri 100 imachepetsa liwiro yokha, zikapitirira imazimitsa kompyuta. Koma timigolo tating'ono totchedwa capacitor, timene tili pa motherboard ndi mu power supply, tilibe chitetezo chotero. Akatswiri a zamagetsi amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa timigoloti umadulidwa pakati. Kompyuta imene ikanatha zaka 8 m'chipinda chozizira ikhoza kufa isanathe zaka 4 m'bokosi lotsekeka, ndipo ikafa anthu amaloza ana asukulu kuti ndi amene aiwononga.

Kodi mumadziwa kuti chitsulo cha bokosi lotchipa chimakhala chochindikala mamilimita 0.4 kapena 0.5 okha? Sichisiyana kwenikweni ndi lata lofolera nyumba. Mabokosi abwino amayambira pa mamilimita 0.7 mpaka 1. Pa pepala kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma chitsulo mukachichindikalitsa kawiri, kulimba kwake pochipinda kumawonjezeka kasanu ndi katatu. Simufunika chipangizo choyezera. Mukalowa m'sitolo ku Chipata kapena mu Cairo Road ku Lusaka, dinikizani chitseko cha m'mbali ndi chala chachikulu. Chikabonyoka n'kulira pobwerera, chitsulocho n'chopyapyala. Kenako linyamuleni bokosilo lili lopanda kanthu: lotchipa limalemera makilogalamu atatu kapena anayi, labwino la msinkhu womwewo limafika asanu ndi awiri kapena kuposa. Pomaliza yendetsani chala pang'onopang'ono m'mphepete mwa chitsulo cha m'kati. Pa bokosi labwino mphepetezo anazipinda kuti zisacheke. Pa lotchipa anangozidula n'kuzisiya, ndipo zimacheka chala cha wokonza komanso mawaya amene akukhudzana nazo.

Nanga mumadziwa kuti makompyuta ambiri amavulala asanayatsidwe n'komwe? Kuchoka ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, kuchoka ku Chipata kufika ku Lundazi ena pafupifupi 180, ndipo pamenepo ulendo wa ku Chama ndi ku Tembwe sunayambe. Katundu wina amadzera ku Nakonde, wochokera ku doko la Dar es Salaam, naye ulendo wake ndi wautali. Bokosi lopyapyala likamagwedezeka pamsana pa lole limapotoka pang'ono, ndipo motherboard imene yamangiriridwa pa ilo imapotoka nayo. Timizere ta kopa ta pa motherboard n'tating'ono kuposa ulusi, ndipo kamodzi kakaduka palibe amene angakalumikize ku boma la Chama. Mwamwayi, vuto lofala silifika pamenepo. Nthawi zambiri ndi RAM imene yasuntha m'kamwa mwake, kompyuta n'kumangolira osaonetsa kanthu. Aphunzitsi, musafulumire kuiponya m'sitolo ya sukulu. Zulani pulagi, tsegulani chitseko, chotsani RAM, ibwezeretseni mpaka timano ta m'mbali titseke. Makatoni ndi thovu loyera lija musamataye, chifukwa tsiku lopita nayo kwa wokonza mudzazifuna.

Kodi mumadziwa kuti pa makatoni ena pamalembedwa mtundu wa chitsulo? Zilembo SECC ndi SGCC zimatanthauza kuti chitsulocho anachikuta ndi zinki yoteteza ku dzimbiri. SPCC ndi chitsulo chopanda zinki, chimene chimadalira penti yekha. Pamene pakandika, chinyezi cha dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, chimayambira pomwepo.

Kodi mumadziwa kuti hard disk imamva phokoso? M'kati mwake muli timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndipo kamutu kowerenga kamayandama pamwamba pake pa mpata wochepa kwambiri kuposa tsitsi. Mu Disembala 2008, katswiri wina wa kampani ya Sun Microsystems, Brendan Gregg, anaonetsa pa kanema kuti atakuwa pafupi ndi ma hard disk, anayamba kuchedwa kuwerenga nthawi yomweyo. Ngati mawu a munthu akuchita zimenezo, nanga bokosi lopepuka limene likunjenjemera tsiku lonse chifukwa cha fani yake yomwe? Mabokosi abwino amakhazika hard disk pa timphira. Yankho lina ndi SSD, imene ilibe chozungulira chilichonse, ndipo kwa sukulu ya kutali ndi msewu wa tala ndalama yake siipita pachabe.

Kodi mumadziwa kuti malo a timabowo tomangirira motherboard sanasinthe kuyambira 1995? Chaka chimenecho kampani ya Intel inakhazikitsa muyeso wotchedwa ATX, wa motherboard ya mamilimita 305 ndi 244. Mu 1997 kunabwera wocheperapo, microATX, wa 244 mbali zonse, ndipo mu 2001 kampani ya VIA inatulutsa Mini-ITX, wa 170. Yonse itatu imakwana m'bokosi la ATX. Tanthauzo lake n'lakuti bokosi lolimba mumagula kamodzi, za m'kati n'kumasintha. Pansi pa motherboard pamakhala timiyendo tamkuwa toitukula pafupifupi mamilimita 6 kuti isakhudze chitsulo. Mabokosi ena otchipa alibe timiyendo tokwanira, ena anangotukula chitsulo chomwecho n'kuboolapo. Kamwendo kamodzi kakakhala pamalo popanda bowo, kamagunda mizere ya magetsi pansi, motherboard n'kupsa tsiku loyamba. Ndiponso mazinga a timabowo ta chitsulo chopyapyala amatha msanga: mukamasula ndi kumanga kangapo, sikuluwu imangozungulira osagwira.

Kodi mumadziwa kuti mabokosi owala, a galasi ndi magetsi amitundumitundu, ndi amene nthawi zambiri amabanika? Apa ndiye pandikhudza kwambiri, chifukwa ndi amene amakopa achinyamata amene asunga ndalama ya mpunga kuti atsegule malo ojambulira nyimbo, osindikizira zikalata kapena oikira mafilimu m'mafoni. Kutsogolo amatseka ndi galasi kapena pulasitiki, mafani atatu owala n'kuwaika kuseri kwake, ndipo mphepo imangolowera pa timing'alu ta m'mbali. Fani imazungulira, imawala, koma ilibe poikoka mphepo. Bokosi losaoneka bwino, lokhala ndi sefa wachitsulo kutsogolo konse, limaziziritsa bwino kwambiri. Galasi la mabokosi owalawo n'lolimba pakati koma n'lofooka m'mphepete. Kona yake ikagunda matailosi kapena simenti, lonse limaphwanyika kukhala timiyala, ndipo lolowa m'malo mwake simudzalipeza ku Lundazi. Yang'anani kukula kwa mafani, osati kuchuluka kwake. Fani ya mamilimita 120 ili ndi malo oposa kawiri a fani ya 80, choncho imakankha mphepo yomweyo ikuzungulira pang'onopang'ono, mopanda phokoso komanso osatha msanga.

Mumadziwanso kuti fumbi mungalisankhire polowera? Mafani okoka mphepo kulowa akaposa otulutsa, mphepo yotsala imatulukira m'ming'alu yonse ya bokosi, fumbi n'kumalowera pakhomo limodzi pamene mwaikapo sefa. Otulutsa akachuluka, bokosi limayamwa fumbi paliponse: pa USB, pa batani, pansi. Mabokosi otchipa ambiri amabwera ndi fani imodzi yotulutsa kumbuyo, opanda sefa. Kachidutswa ka waya wa sefa wa m'mawindo kakhoza kugwira ntchito, bola muzikatsuka. M'nyengo ya mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala, fumbi limaundana pa timapiko toziziritsa purosesa mpaka mphepo kulephera kudutsa. Kamodzi pa teremu tulutsani kompyuta panja, muipope ndi pampu ya njinga ndi kuisesa ndi bulashi yopentera youma, chala china chitagwira fani kuti isazungulire. Ndipo ichotseni pansi. Pa simenti ndi pamene pamathera fumbi lonse la tsache ndi madzi okolopera.

Kodi mumadziwa kuti pa 9 Seputembala 1947, akatswiri a kompyuta ya Mark II ku Harvard University anapeza kagulugufe kausiku katapanikizika m'kati mwa makinawo, n'kukamata m'buku lawo la ntchito? Bukulo likusungidwa ku Smithsonian, mumzinda wa Washington. Kuno alendo ake ndi ambiri: mphemvu, nyerere, nalimata, mbewa, ndi mavu omanga ndi dothi, makamaka pa holide yaitali pamene chipinda chatsekedwa. Khomo lawo limakhala kumbuyo. Pa bokosi labwino timizere totseka mipata ya kumbuyo timamangidwa ndi masikuluwu, ndipo mukachotsa mukhoza kubwezera. Pa lotchipa mumachita kuthyola, ndipo mpatawo umakhala wotseguka mpaka kalekale. Nalimata mmodzi akalowa mu power supply n'kukhudza mbali ziwiri za magetsi, amafa pamodzi ndi kompyutayo. Mpata uliwonse wolowa chala muutseke ndi sefa.

Kodi mumadziwa kuti choopsa kwambiri pa bokosi lotchipa ndi power supply imene amakupatsirani pamodzi nalo? Pa chikwangwani amalemba mawati 450 kapena 500, koma zambiri mwa izo sizitha kupereka mphamvu imeneyo kwa nthawi yaitali, ndipo zina zilibe zotetezera magetsi akakwera mwadzidzidzi. Ikamafa imatha kutenga motherboard ndi hard disk. Nayonso inyamuleni: yopepuka kwambiri ndiye kuti m'kati anachotsamo zambiri. Kuyambira 2004 pali chizindikiro cha 80 PLUS, chimene chimaperekedwa kwa power supply imene imapititsa ku kompyuta magawo 80 pa 100 alionse a magetsi amene yakoka, kapena kuposa. Kwa amene ali pa sola zimenezi ndi ndalama zenizeni. Tiyerekeze kompyuta yofuna mawati 100. Power supply yopititsa magawo 70 idzakoka mawati 143, yopititsa 85 idzakoka 118. Kusiyana kwa mawati 25 kumeneku, pa makompyuta 20 kwa maola 8, ndi mayunitsi 4 a magetsi tsiku lililonse, ndipo onsewo amasanduka kutentha m'chipinda chotentha kale. M'boma la Chama, limene kwa zaka zambiri magetsi ake ankachokera ku Malawi pa waya wautali, ndipo midzi yambiri imadalira mabatire ndi inveta, power supply si malo osungirapo ndalama. Dziwaninso kuti zina zamakono sizigwirizana ndi inveta zotchipa, choncho kayeseni musanagule zambiri. Ndipo power supply musamaitsegule: timigolo take timasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi.

Kodi mumadziwa za kabatani kofiira kumbuyo kwa makompyuta ena akale? Kali ndi manambala 115 ndi 230. Ku America magetsi a m'nyumba ndi mavolti 120, ku Zambia ndi ku Malawi ndi 230. Kompyuta yamphatso yochokera kumeneko ikalumikizidwa kabataniko kali pa 115, imaphulika nthawi yomweyo. Yang'anani musanalumikize, kenako mumatepo tepi kuti ana asakasunthe.

Nanga kaja kamagetsi kamene kamakutsinani mukakhudza bokosi muli osavala nsapato? Ambiri amati kompyutayo yawonongeka. Vuto limakhala pa soketi. Power supply iliyonse imataya timagetsi tochepa ku chitsulo cha bokosi, ndipo timagetsito timayenera kutsika pansi kudzera pa dzino lachitatu la pulagi, lija la earth. Dzinolo likathyoledwa, kapena adaputa ikakhala ya mano awiri, kapena nyumba ikakhala yopanda waya wa earth, bokosi limakhala ndi pafupifupi theka la mavolti a pa soketi. Mphamvu yake ndi yochepa, n'chifukwa chake kamangotsina. Koma ndi chenjezo lalikulu, chifukwa tsiku limene waya wa moto adzachekedwe ndi mphepete yakuthwa ija, magetsi onse adzakhala pa bokosi, ndipo njira yawo yopita pansi idzakhala mwana amene waligwira. Itanani wodziwa zamagetsi akhome chitsulo cha earth. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani mapulagi onse, chifukwa palibe bokosi limene lingatchinge mphezi yodzera m'mawaya.

Kodi mumadziwa kuti pakamwa pa USB pa mtundu wa buluu sipatsimikiza liwiro? USB 2.0, ya chaka cha 2000, imafika mamegabiti 480 pa sekondi. USB 3.0, ya 2008, imaposa pamenepo kakhumi, ndipo ndi imene imadziwika ndi mtundu wa buluu. Tsegulani bokosi muone waya wake: weniweni ndi wonenepa, wa mutu waukulu wa timabowo 19. Pakamwa pa kutsogolopa ndi pamene pamayamba kuthyoka, poti aliyense amalowetsapo fulashi. Kawaya kowonjezera kolumikiza kumbuyo kamateteza pamenepa, ndipo kakatha mumangosintha ikoko.

Kodi mumadziwa kuti kompyuta ya kaunjika yochokera m'maofesi a kunja nthawi zambiri imakhala ndi bokosi lolimba kuposa yatsopano yotchipa? Dell OptiPlex, HP ProDesk ndi EliteDesk, Lenovo ThinkCentre: zonsezi zinapangidwira makampani ogula zikwizikwi, ndipo chitsulo chake n'chochindikala, chitseko chimatseguka popanda sikuludiraiva, mphepo ili ndi njira yake yochoka kutsogolo kupita kumbuyo. Ine ndikanakhala wogulira sukulu ndi ndalama yochepa, ndikanayamba kuyang'ana kumeneko. Koma pali zoti muzidziwe. Zambiri mwa izo sizitsatira muyeso wa ATX. Pulagi ya power supply wamba ili ndi mano 24, pamene izi zina zili ndi 6, zina 8, zina 10 kapena 14, ndipo ikafa muyenera kupeza ya mtundu womwewo. Gulani zofanana zonse kuti yakufa izipereka ziwalo kwa zamoyo. Zakale kwambiri zipeweni: mapepala a m'khoti amene anatuluka mu 2010 anaonetsa kuti pakati pa Meyi 2003 ndi Julayi 2005 Dell inagulitsa makompyuta a OptiPlex okwana 11.8 miliyoni amene anali pa chiopsezo cha ma capacitor olakwika. Kamgolo kotupa pamwamba kapena kotuluka zofiirira ndi chizindikiro choti muisiye. Ndiponso Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku losiya kuthandiza Windows 10, pamene Windows 11, pa mapurosesa a Intel, imafuna a m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Makompyuta ambiri otsika mtengo ndi amene akutayidwa pa chifukwa chimenechi. Amagwirabe ntchito, makamaka ndi Linux, koma mtengo wake uyenera kusonyeza zimenezo. Pa sola, timabokosi tating'ono ta makampani omwewa, ta kukula pafupifupi lita imodzi, timadya magetsi ochepa kwambiri ndipo n'tosavuta kunyamula pa njinga yamoto.

Kodi mumadziwa chifukwa chake nkhani ya chitsulo ndi masikuluwu ikukhudza mayeso? Phunziro la Computer Studies linalowa m'masukulu a Zambia mu 2014, ndipo mu Novembala 2015 ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso ake ochita ndi manja. M'masukulu ambiri makompyuta anali ochepa, magetsi akuzimazima, moti ana ankasinthana makina mpaka usiku. Kompyuta iliyonse yakufa m'chipinda chophunzirira ndi mzere wotalika wa ana odikira. Bungwe la ZICTA ndi mabungwe ena akhala akupereka makompyuta m'masukulu, ndipo mu 2022 ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse. Ndalama yogulira ikhoza kupezeka. Chimene chimasowa ndi mzere umodzi pa pepala loitanitsira katundu. A hedi ndi a komiti ya makolo, polemba za purosesa ndi RAM, onjezerani izi: chitsulo cha zinki chosachepera mamilimita 0.7, kutsogolo kwa sefa, fani yolowetsa ndi yotulutsa, power supply ya 80 PLUS, ndi ma power supply awiri apadera pa makompyuta khumi alionse. Katunduyo akafika, tsegulani bokosi limodzi wobweretsayo ali pomwepo musanasaine.

Kodi mumadziwa kuti Apple I, ya mu 1976, inkagulitsidwa yopanda bokosi, pa mtengo wa madola 666.66? Ogula ena ankakhoma okha lamatabwa. Mu 1996, ku Stanford University, Larry Page ndi Sergey Brin anasunga ma hard disk 10 a ntchito imene inadzakhala Google m'bokosi lomanga ndi timatofali tapulasitiki toseweretsa ana. Choncho mmisiri wa matabwa wa ku Tembwe akhoza kukhoma bokosi kompyuta n'kuyaka. Kungoti thabwa limasunga kutentha, limayaka moto, limadyedwa ndi chiswe, ndipo silitsitsa magetsi ku earth. Luso la mmisiriyo limathandiza kwambiri pa tebulo lotukula kompyuta, losiya mpata wa chikhatho chimodzi kumbuyo kuti mphepo yotentha izituluka.

Kodi mumadziwa kuti mu 2022 dziko lonse linataya zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo sizinafike gawo limodzi mwa anayi? Kompyuta ikafa, bokosi la ATX lolimba lisungeni, lidzalandira motherboard ina. Mafani, masikuluwu, RAM ndi mawaya ake zichotseni muziike m'katoni. Pa motherboard pali kabatire kozungulira ka mavolti 3, CR2032, kamene mwana akakameza kamawotcha kum'mero m'maola ochepa, choncho kachotseni mukaike patali. Mawaya ndi motherboard musaziwotche pofuna kopa, utsi wake ndi poizoni. Ndipo amisiri a malata akapempha chitsulo cha bokosi, apatseni cha zotsekera, mahinjesi kapena fosholo yowolera zinyalala, osati cha mbaula. Zinki ndi penti zikapsa pa makala zimatulutsa utsi wodwalitsa, wobweretsa kutentha thupi ndi chifuwa kwa amene akuphikapo.